Tinapita ku Durham Kukaona Likasa

Amuna anga ali ndi nthenda imodzi imene ngakhale ine, nesi wa zaka zambiri, ndalephera kuichiza. Nthenda yake ndi myuziyamu. Loweruka amuna anzawo amaonera mpira kapena kukagwira ovataimu, koma bambo a Tadala amakaima kutsogolo kwa miphika yosweka, manja kumbuyo, n'kumawerenga kapepala kalikonse kamene amata pakhoma, mpaka konena kothawira moto ukabuka. Kumudzi ankaphunzitsa mbiri yakale pasekondale ina ku Dedza. Kuno ku Sheffield amanyamula makatoni kuweyahausi, ndiye uphunzitsi wonse umene ukusowa kolowera umathera pa ine ndi pagulupu ya pafoni ya mpingo wathu.

Tsiku lina anamva kuti myuziyamu ina ku Durham yabwereka zinthu za ku China, zoonetsa mayeso amene anthu akale kumeneko ankalemba akafuna ntchito ya boma. Pakati pa zinthuzo panali kamalaya ka mkati kamene munthu wina analembapo mayankho ndi timalemba ting'onoting'ono, kuti alowe nako m'mayeso. Aliyense amene anadutsa pasukulu ku Malawi akudziwa dzina la chinthu chotere. Kaya ndi kapepala kopinda m'sokosi, kaya ndi zolemba pantchafu, dzina lake ndi likasa. Bambo a Tadala anaseka okha pabalaza mpaka kutsokomola, kenako analemba pagulupu:

"Abale, Loweruka ine ndi mayi a Tadala tikupita ku Durham kukaona likasa lakalekale limene labwera kuchokera ku China. Silikhalitsa. M'galimoto muli malo."

Ine sanandifunse ngati ndikupita. Pagulupu panali zii, monga mwa masiku onse iwo akalemba. Madzulo kunabwera uthenga umodzi wamawu, wochokera kwa aNabanda a ku Wakefield. "Aphunzitsi, malowo ndi anga. Musapatse wina."

ANabanda ndi mayi wachikulire wa ku Ntcheu. Kwawo kunamwalira mwana wa mlamu wawo, anthu n'kunena kuti amulodza ndi iwo. Anawaotchera nyumba iwo ali momwemo. Atapulumuka anathawira ku Lilongwe, kenako mwana wa mchemwali wawo anawaitanitsa kuno kuti adzamulerere khanda. Nthawi yobwerera itakwana anati kwawo akawapha, n'kupempha boma la kuno kuti liwasunge. Papita zaka. Boma linakana, jaji woyamba anakana, wachiwiri anakananso, onse akuti nkhaniyo ilibe umboni. Loya wawo anawapempha kangapo kuti akapimidwe ndi dokotala, kuti alembe zimene moto unasiya pathupi pawo. ANabanda anakanitsitsa. "Ine ndivule pamaso pa mwana wa eni? Ngakhale malemu amuna anga ankayamba azimitsa nyali."

Tsopano loya uja anali atanena kuti Lolemba ndi tsiku lomaliza loti ayankhe ngati apilo ipitirire kapena ayi. Yankho lawo anali atandiuza kale. "Ndatopa, anesi. Andinyamule, akanditule konko, akandimalize." Ndinalankhula mpaka malovu kuuma, koma ayi ndithu. Choncho nditamva kuti akufuna kukwera nafe ndinasangalala. Ndinati ndiwapeza tsiku lonse m'galimoto, mopanda kothawira.

Galimoto yathu ili ndi kanyali kofiira kamene kanayamba kuyaka chaka chatha. Bambo a Tadala anathana ndi vutolo pomatapo selotepi yakuda. Loweruka m'mawa tinalongedza mandasi, nkhuku yokazinga ndi fulasiki ya tiyi. Tadala, mwana wathu wamkazi wobadwira kuno, tinamudzutsa kuti tipite naye, koma anayankha m'Chingerezi mawu awiri okha n'kufundanso kumutu. Tinatsetsereka mapiri a Sheffield, kumbuyo kwa galimoto kukulira kanthu kena kamene amuna anga anati kamalira chonchi kukatentha.

Ku Wakefield tinawapeza aNabanda ataima kale panja. Anali atavala zoyera kuyambira duku mpaka nsapato, koma pamwamba pake panali juzi yawo ija ya bulauni, yomanga mabatani mpaka m'khosi. Juzi imeneyo sinkawachoka, kaya kuzizire kaya kutenthe, ndipo tsikulo dzuwa linali litatuluka ngati la kwathu. Analowa kumbuyo, n'kupemphera pemphero lalitali ndithu, injini ikulira, mafuta akutha. Ndinawapatsa ndasi.

"Ayi anesi, ndikusala. Chiyambire Lachinayi."

Sindinadabwe. ANabanda amasala kudya ngakhale wina akagula firiji yatsopano.

Titayandikira Leeds tinalowa mumzere wa magalimoto. Ankakonza msewu, kapena ndinene kuti panali zizindikiro zoti akukonza msewu, poti munthu wogwira ntchito sitinamuone ndi mmodzi yemwe. Tinkasuntha pang'ono, kuima, kusuntha, kuima. Ndinali kukonza mawu oyambira nkhani ya loya pamene aNabanda anaweramira kutsogolo.

"Aphunzitsi, kodi angelo awiri aja akadali pamwamba pake?"

"Angelo ati, amayi?"

"A golide aja, otambasula mapiko. Nanga mitengo yonyamulira ija, ilipo kapena inathyoka? Chinthu chimodzi ndikupempheni, aphunzitsi, inu ndinu munthu wokonda kugwiragwira. Tikafika manja muike m'thumba. Mukudziwa zimene zinamuchitikira uja analigwira ng'ombe zitapunthwa."

Ndinawayang'ana amuna anga, iwo n'kuyang'ana galimoto ya kutsogolo ngati ya m'bale wawo. Uthenga unalembedwa pagulupu ya mpingo, wolemba wake mkulu wa mpingo. ANabanda akanaganiza likasa liti, kupatula la chipangano?

Bambo a Tadala anakonza kukhosi, chizindikiro choti phunziro likuyamba. Koma aNabanda anawatsogolera.

"Ndikuuzeni zoona, ana anga. Ndinali nditatsimikiza kuti Lolemba ndimuuza loya kuti basi. Koma nditamva uthenga wanu ndinakhala pansi n'kulira. Ndinati likasa linasowa zaka zonsezi, lero landitsatira mpaka kuno, ine ndine yani kuti nditope? Ndikangoliona ndi maso angawa, apilo ija ipitirire."

Ndinawatsina amuna anga pantchafu, kutsina kwenikweni, kopotokola. Galimoto inakhotera pang'ono kumanzere, wa kumbuyo n'kuliza huta.

"Komanso sindikudabwa kuti linali ku China," anatero aNabanda akukhazikika. "Masiku ano chilichonse chikuchokera kumeneko."

Tinaima pamalo opumirako apaulendo kufupi ndi Wetherby. ANabanda anati atsala m'galimoto, sakufuna kumva fungo la chakudya. Ife tinakaima pamzere wa khofi amene sitinkafuna kugula, kuti tikangane bwino.

"Mayi a Tadala, ine m'kalasi sindinanamizepo mwana wa munthu."

"Muno si m'kalasi. Mukawauza pano, Lolemba amuuza loya kuti basi. Mukawaperekeza ndinu kubwalo la ndege?"

"Ndiye tibwerere. Tinene kuti atseka."

"Tikabwerera ndiye kuti sanalione. Ati Mulungu wakana."

"Nanga tikafika?"

"Tikafika aona kamisolo ya munthu wobera mayeso."

Amuna anga anayamba kuwerenga mitengo ya khofi pakhoma ngati kapepala ka kumyuziyamu. Kenako anati vuto ndi lakuti anthu sawerenga uthenga mofatsa. Apa mtima unandipsa. Ndinawauza kuti chaka chonse akhala akudandaula kuti pagulupu sawayankha, lero awayankha, walira mvula walira matope. Mtsikana wogulitsa khofi anatifunsa chimene tikufuna. Tinagula botolo limodzi la madzi pamtengo umene kwathu ukanatigulira nkhuku yamoyo.

Tinapitirira kumpoto chifukwa palibe amene anali ndi nzeru ina. ANabanda ankaimba chapansipansi. Ine ndinkapemphera kuti tikapeze atatsekadi, denga litagwa kapena madzi atasefukira, chilichonse chimene si bodza lathu. Sindikunena kuti pemphero langa ndi limene linachititsa, koma titangodutsa Scotch Corner m'galimoto munayamba kununkha ngati wina wapsereza nyemba. Kutsogolo kunatuluka nthunzi. Bambo a Tadala anapatukira m'mbali, galimoto inanjenjemera kawiri n'kuzima. Anamatula selotepi ija kuti aone. Kanyali kanali kakuyakabe, ndipo kanali katapeza anzake awiri.

Kuno galimoto ikafa pamsewu waukulu sukhala mkati. Umatuluka, kudumpha chitsulo cha m'mbali, n'kukaima paudzu ngati mbuzi yogulitsa. Tinaima pamenepo atatu, magalimoto akuluakulu akutiwomba mphepo. Amuna anga anaimbira anthu okoka magalimoto. Foni inawaimbira nyimbo kwa nthawi yaitali, kenako mawu anati munthu afika posachedwa. Posachedwa wa kuno ndi wa kwathu ndi pachibale.

Mumtima ndinkathokoza. Galimoto yafa yokha, palibe wanama. Ndinayamba kukonza ulaliki woti Mulungu waona mtima wawo, kuti ulendo wokha ndi chizindikiro chokwanira. Ndisanayambe, aNabanda anagwedeza mutu.

"Mwaona? Ngolo yonyamula likasa ija nayonso inapunthwa panjira. Ndiye kuti tili panjira yake yeniyeni."

Dzuwa linakwera. Mthunzi panalibe, kupatula wa chikwangwani cholozera ku Darlington, ndipo tinkasinthana kuimapo. Amuna anga anadya mandasi atatembenukira kutchire kuti asakhumudwitse wosala. ANabanda thukuta linali kamukamu, milomo itauma, ndipo ndinaona akugwira chitsulo kuti asagwe. Unesi unandidzukira.

"Amayi, vulani juziyo. Mukomoka."

"Sindivula."

"Masulani mabatani awiri okha."

"Anesi, ndati sindivula."

Ananena mofatsa, koma dzanja lawo linali litagwira kale batani la pakhosi. Ndinasiya. Tinakambirana za madzi ngati tikukambirana za malire a munda, mpaka tinagwirizana kuti madzi si chakudya. Anamwa theka la botolo lija la mtengo wa nkhuku.

Wokoka galimoto anafika mithunzi itatembenuka. Anali chimunthu chachikulu chofiira kumaso, chojambulidwa m'mikono yonse. Anasuzumira mu injini, kenako pa selotepi imene inali ikulendewera, kenako pa amuna anga. Anawakweza aNabanda m'lole ngati dzira, akuwatchula ndi mawu aja amene anthu a kuno amatchulira aliyense, otanthauza wokondedwa.

"Zaka zonsezi sindinazolowere," anatero aNabanda atakhala. "Mwana sindikumudziwa, mayi ake sindikuwadziwa, akuti wokondedwa."

Tinapanikizana kumpando wa kumbuyo kwa dalaivala. Munthuyo anafunsa kumene timapita. Amuna anga anati kumyuziyamu. ANabanda anawonjezera m'Chingerezi chawo kuti tikukaona chinthu choyera kwambiri chimene chinasowa kalekale. Iye anati ku Durham kuli tchalitchi chachikulu, zoyera zilikodi zambiri. ANabanda anandigunda ndi chigongono. "Mwamva? Ngakhale iyeyu akudziwa."

Anatitula pagalaja ina ku Darlington. Makaniko anatuluka akupukuta manja, anamvetsera nkhani yonse ya amuna anga kuyambira chaka chatha, n'kunena kuti aiona Lolemba, kapena Lachiwiri. Apa ndinapuma. Ndinatembenuka kuti ndiwauze aNabanda kuti tayesetsa, tiyeni tifunefune zobwerera. Panalibe munthu. Tinawapeza kutsidya kwa msewu akulankhula ndi gogo wina wachizungu wokoka kangolo kogulira zinthu.

"Basi ya ku Durham imaima apa," anatiuza. "Akuti ikubwera. Fulumirani, aphunzitsi, mukuyenda ngati mukupita kwa apongozi."

Basi ija inali ya anthu opanda changu. Inkalowa m'mudzi uliwonse, kuzungulira tchalitchi, kutenga munthu mmodzi ndi galu wake, n'kubwereranso pamsewu umene tinali. Penapake dalaivala anazimitsa injini n'kutsegula nyuzipepala, akuti wafika msanga. ANabanda anakhala kutsogolo penipeni, chikwama pamiyendo, maso panjira. Ife tinakhala kumbuyo ndi chikwama cha nkhuku. Amuna anga anasendera pafupi nane. Kenako anandinong'oneza.

"Pazithunzi zawo ndinaona kabokosi kena. Kofiira, kokhala ndi golide m'mbali. Kali ndi chogwirira pamwamba."

"Ndiye?"

"Ndiye magetsi a m'myuziyamu amakhala osawala kwenikweni."

Ndinawayang'ana bwinobwino, munthu amene sananamizepo mwana wa munthu m'kalasi. Ndinafuna kuwaseka, koma nkhope yawo inali ya munthu wodwala mano. Amawakonda aNabanda. Ndi iwo amene amawatenga ku Wakefield Lamlungu lililonse, ndipo anawaperekeza kukhoti ulendo wachiwiri uja n'kubwerako osadya. Ndinangoti, "Tikaona konko."

Durham ndi mzinda wokongola, amatero. Ine ndinaona chitunda chokha, poti tinachikwera wapansi, nthawi yotseka ikuyandikira, mayi wosala masiku atatu ali patsogolo. Pakhomo la myuziyamu aNabanda anavula nsapato n'kuziika m'chikwama. Mtsikana wolandira alendo anayang'ana mapazi awo, kenako ine. Ndinati ndi mwambo wathu. Kuno ukangoti mwambo, nkhani yatha.

Chipinda chake chinali chamdima ndithu, monga ananenera amuna anga. Munalibe munthu wina. Bambo a Tadala anayenda molunjika pagalasi lina n'kuima. Kabokosi kanali momwemo, kofiira, kosanjikiza katatu, golide wake atafufuta. Anangoima pambali manja ali m'thumba. ANabanda anayandikira pang'onopang'ono. Anaika chikwama pansi, anakonza duku, anagwira galasi lija ndi maso okha, n'kuyamba kugwada. Bondo limodzi linali litafika pansi.

"Amayi, dzukani."

Anali amuna anga.

"Dzukani, amayi, chonde. Limeneli ndi bokosi la kamba. Ankaikamo mpunga ndi makandulo."

Anawagwira mkono n'kuwadzutsa. Kenako anawatengera pagalasi la pakona. Mkati munali kamalaya kopanda manja, kachikasu chifukwa cha ukalamba, kotambasulidwa pathabwa. Ukakhala patali umaona ngati kada ndi litsiro. Ukayandikira umaona kuti litsirolo ndi malemba, mizeremizere, kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, mkati ndi kunja komwe.

"Likasa ndimanena ine ndi ili," anatero amuna anga. "La mayeso. Lobera. Ndinkafuna kuseketsa anthu pagulupu. Mundikhululukire, amayi."

ANabanda anayang'ana kamalayako nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana mapazi awo pasimenti yozizira, ndipo ndinkafuna kulira. Ndinadziwa kuti zatha, kuti Lolemba amuimbira loya, kuti tawasalitsa kudya masiku atatu chifukwa cha nthabwala.

"Likasa la ana a sukulu," anatero pomaliza.

"Eya, amayi."

"Lija ankamugwira nalo mwana wa aNaphiri ku Bilila."

"Longa lomwelo."

"Hmm."

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anatembenuka n'kuyang'anayang'ana pokhala, poti miyendo inali itawathera. Mpando munalibe. Kumapeto kwa chipinda anali atamanga tizipinda titatu ta njerwa, tofanizira mmene anthu aja ankalemberamo mayeso, ndipo panali chikwangwani chololeza alendo kulowamo. Kachipinda kake n'kochepa kuposa bafa ya kumudzi, kopanda chitseko. Muli matabwa awiri okha, lina lokhalira, lina lolembera. ANabanda analowa n'kukhala, manja pathabwa la kutsogolo.

Amuna anga akachita mantha amaphunzitsa. Anaima pakhomo la kachipindako n'kuyamba. Anati anthu ankachokera kutali, ena kuyenda miyezi, kudzatsekeredwa m'tizipinda totere masiku angapo, kudya momwemo, kugona momwemo atapinda miyendo. Anati opambana anali ochepa kwambiri, mayina awo ankamatidwa pakhoma, ndipo wolephera ankadikira zaka zitatu kuti adzayesenso. Ena ankabwerabwera mpaka imvi, kudzalemba limodzi ndi adzukulu awo. Ndinawapatsa diso loti atseke pakamwa. Sanandione.

"Pachipata ankawasecha koopsa. Kuwavula zovala, kumasula tsitsi, ngakhale mikate ankaiduladula kuti aone ngati muli kapepala."

"Ankawavula?" anafunsa aNabanda. Kanali koyamba kulankhula.

"Kuwavula ndithu, amayi. Akuluakulu ndi ndevu zawo."

"Nanga uyu wa kamalayayu analowa nako bwanji?"

Amuna anga anaganiza. "Mwina sanalowe. Mwina n'chifukwa chake kali muno."

ANabanda anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kwawo kumakhala kumeneko. Anasisita thabwa lija ndi chikhatho. "Kachipinda aka ndikukadziwa. Kanga ka kukhoti kali ndi kapu ya madzi ndi munthu womasulira." Mtsikana wa pakhomo uja anasuzumira n'kunena kuti atseka posachedwa.

"Aphunzitsi, pitani mukawerenge mapepala anu uko. Mutembenukire kukhoma."

Amuna anga anapita. Ine anandikodola kuti ndiyandikire, mpaka ndinatseka khomo la kachipindako ndi thupi langa. Anamasula batani la pakhosi, lachiwiri, lachitatu. Anatsitsa juzi ndi bulauzi yoyera ija paphewa limodzi, n'kutembenuka pang'ono.

Ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ku Malawi ndi kuno. Ndaona zilonda za moto zamitundumitundu. Koma mayi ameneyu ndinadya naye mbale imodzi, ndinaimba naye kwaya, ndinamukalipira kuti samva, osadziwa kuti kuyambira paphewa kutsika msana wonse khungu lake linasungunuka n'kuumanso lokha, popanda dokotala, lokokana ngati pulasitiki yogwera pamoto. Panali ndi mzere wina wowongoka, pamene mtengo wa denga unawagwera. Ndinangoyasama.

"Tsekani pakamwa, anesi, mulowa ntchentche."

Ndinatseka.

"Uja ankabisa malemba ake kuti akuluakulu asaone, chifukwa akaona walephera," anatero akubweza juzi. "Ine ndalowa nalo likasa langa maulendo onsewa, ndakhala nalo pampando, ndatuluka nalo, osalitsegula. Ndiye akuti palibe umboni." Anamanga mabatani onse mpaka la pakhosi. "Dokotala wakeyo akhale wamkazi. Ndipo inu mukakhalepo, mukandigwire dzanja. Mukapanda kubwera sindivula."

"Ndibwera, amayi. Shifiti ndisintha."

"Loyayo mumuimbire ndinu Lolemba. Ine Chingerezi cha pafoni chimandithawa."

Ndinalira pamenepo, m'kachipinda ka mayeso a ku China, mayi wamkulu ndi unesi wanga. Amuna anga anali akadali chitembenukire kukhoma, akuwerenga kapepala konena kothawira moto ukabuka.

Panja aNabanda anakhala pakhoma lalifupi n'kuvala nsapato. Kenako anatambasula dzanja osayang'ana munthu. "Nkhuku ija ilipo, kapena aphunzitsi anamaliza kutchire kuja?" Inalipo. Anadya ntchafu ziwiri ndi mandasi amene anatsala, n'kutsitsira tiyi wozizira wa m'fulasiki. Tinabwerera pabasi ya mtunda wautali mpaka ku Leeds, iwo ali mtulo paphewa langa.

Lolemba ndinamuimbira loya. Kwa dokotala tinapita patapita masiku, ndipo dzanja ndinawagwira mpaka zala zanga kuchita dzanzi. Mlandu sunagamulidwe, tikudikirabe. Galimoto inatuluka kugalaja ndi kanyali kozima, ndipo bambo a Tadala akuti akuona ngati pakusoweka kanthu.

Lamlungu lotsatira ulendowo, titatuluka m'tchalitchi, amayi a mvano anawazungulira aNabanda. Zinadziwika kuti si iwo okha amene anamva uthenga uja mwanjira imeneyo, kungoti enawo anali pashifiti. Amuna anga anayamba kusuntha chammbali kulowera kumene kunali makapu a tiyi.

"Tiuzeni, aNabanda, munaliona likasa?"

"Ndinaliona."

"Ee! N'lotani? N'lalikulu?"

ANabanda anagwira batani la pakhosi n'kulikonza.

"N'laling'ono," anatero. "Limavalidwa mkati."